Msana wa Bambo a Zala Zokhota

Abale inu, ine ndinaona munthu akuuluka. Sindikunena za ufiti ayi. Ndikunena masanasana, mvula ikuwaza, anthu ali yang'anire, ku Dublin dziko la eni. Ndipo woulukayo anali mdzukulu wanga, mwana amene ndinamulera ndekha ku Ntcheu, mayi ake ali kusukulu ya unamwino, kenako ali kunja. Ee, ndinaona, maso anga omwewa, ndinaona!

Ku Ireland ndinapitira khanda. Mwana wanga wamkazi, namwino pachipatala chachikulu cha ku Tallaght, anabereka wachiwiri, ndiye anati amayi bwerani mudzatigwirireko, ife mashifiti atipha. Inali nyengo imene Dublin yense amamangidwa. Ukayang'ana uku zimakina zazitali zonyamula zitsulo, ukayang'ana uko zimakina, makosi m'mwamba ngati akakowa m'dambo. Nyumba zikungomera ngati bowa. Anthu akuyenda chothamanga, khofi m'manja, foni kukhutu, moni alibe naye nthawi.

Mdzukulu wanga wamkuluyo anali atatsogolako kale. Ndinam'peza atatalika ngati bulugama, ndevu zikuyamba kutuluka, koma mawu atam'thera. Mwana amene kwathu ankalongolola mpaka nkhuku kuthawa, kuno ankangoti inde agogo, iyayi agogo, n'kudzitsekera kuchipinda. Mayi ake anandinong'oneza kuti kusukulu alibe mnzake, Chingelezi chake amachiseka, mpira wamiyendo anayesa koma ankangomukhazika pabenchi. Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkamudzutsa.

Chinthucho ndinachipeza ndikusesa pansi pa bedi lake. Chofiira, chachikopa, chautali ngati papaya.

"Iwe, mpira wakowu waukhalira ndani?"

"Palibe, agogo. Ndi mmene umakhalira. Ndi mpira wa ku Australia."

Ndinauponya pansi kuti ndione. Mayo ine! Unadumphira kumanzere, n'kubwerera kumanja, n'kukalowa kukhitchini wokha ngati chiwala. Ndinati mpira wopanda khalidwe uwu. Mnyamata anaseka, kuseka kwenikweni kotulutsa mano, koyamba chifikireni ine. Masiku a mpirawo ankabwera matope mpaka m'makutu, akuimba posamba, n'kudya mbale ziwiri. Ndinati kaya ndi papaya kaya ndi dzungu, bola mwana akudya.

Ndiye tsiku lina anabwera ali ndwii. Mpira pansi pa bedi, chitseko pha, chakudya chinazizira patebulo. Mawa lake chimodzimodzi. Mayi ake anaimba foni, analankhula nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana modabwa.

"Amayi, akochi a mpira wake uja akuti akufuna kudzaonana ndi inu."

"Ine? Ndawalakwira chiyani bambo osawadziwa?"

"Akuti nkhaniyo ili ndi inu."

Anabwera Lamulungu titaweruka ku Misa. Abale, munthu ameneyo! Polowa pakhomo anawerama. Mutu wadazi, nkhope yofiira ngati yawauka ndi moto, mwendo wina akuukoka. Anandiwombera m'manja mwachikwathu, zikuoneka kuti mdzukulu wanga anawaphunzitsa, ndipo m'pamene ndinaona zala. Chala ichi chaloza ku Lilongwe, ichi chaloza ku Blantyre, chaching'onocho chagona chammbali ngati chinakwiya ndi zinzake. Zala zokhota ngati mizu ya chinangwa chokumbidwa pamiyala. Anafuna kukhala pansi kuti asandipose msinkhu, bondo linati pho! Mwana wanga anathamanga ndi mpando.

Ine Chingelezi changa chimathera pa moni, ndiye mwana wanga ankamasulira, khanda lili pachifuwa. Ndinayamba ndi kufunsa za zalazo, pakuti maso anga anakana kuchokapo.

Bambowo anafotokoza. Anabadwira ku Australia, kufamu ya nkhosa, kutali ndi tauni, kumene dothi ndi lofiira ngati lakwathu. Ali mwana ankamenya mpira pathanki ya madzi, yekhayekha, mpaka bambo awo kuwathamangitsa. Atakula pang'ono timu yaikulu ya mumzinda inawatenga. Anasewera m'mabwalo odzaza anthu ochuluka kuposa a pamsika wa Lizulu tsiku la msika, kuphatikiza a Tsangano, kuphatikizanso a ku Balaka. Chala chilichonse chili ndi tsiku lake limene chinathyoka, ndipo ankangochimanga ndi pulasitala n'kubwerera m'bwalo. Kenako bondo linaduka mtsempha. Anawang'amba, anawasoka, anaphunziranso kuyenda, anabwerera. Bondo lomwelo linadukanso. Pamenepo anthu aja amene ankaimba dzina lawo anayamba kuimba la wina.

Anabwerera kwawo kunkhosa. Anayamba kuphunzitsa tiana tapasukulu, kenako anyamata, kenako madoda a m'mafamu amene ankabwera kumpira ndi mathirakitala. Chilala chitavuta nkhosa zinagulitsidwa, iwo n'kumva kuti ku Ireland akufuna omanga. Anakhala kapitawo pa mafulati amene ankamangidwa ku Santry, kufupi ndi bwalo la ndege. Kuno anapeza kagulu ka anyamata achiairishi, ndi a ku Australia angapo osowa kwawo, akuthamangitsa mpira wa papaya uja popanda wowalangiza. Anawatola. Masana simenti, madzulo wezulo, malipiro ake kuseka kokha.

Atatero anatulutsa kambale ka kanema m'thumba la jekete, mkamwini wanga n'kukaika. Ndinaona mnyamata watsitsi lofika m'mapewa, malaya opanda manja, kabudula wamfupi wochititsa manyazi. Mpira uli m'mwamba, anthu aunjikana pansi pake akuudikira. Mnyamata uja anachokera kumbuyo akuthamanga, bondo paphewa la munthu, hii! Anakwera, anakwerabe, anaima mumlengalenga pamwamba pa mitu ya anzake, manja awiri gwi! Bwalo lonse linabangula ngati mvula yamatalala padenga la malata.

Ndinagwira pakamwa. Ndinayang'ana kanema, ndinayang'ana nkhalamba yadazi ili pampando ndi kapu ya tiyi. Kanema, nkhalamba. Kanema, nkhalamba.

"Awa ndi inu?"

Anagwedeza mutu, akumwetulira mwamanyazi ngati mkamwini watsopano.

Anandifotokozera lamulo lake. Mpira ukamenyedwa m'mwamba, amene waugwira usanagwe pansi, wezulo imalira, onse amam'patsa mpata kuti amenye mwaufulu. Ndipo pougwirapo amaloledwa kukwera pamsana pa aliyense. Umenewo ndiwo ulemerero wa mpira wawo.

"Akuti mdzukulu wanu amadumpha kuposa mmene iwo ankadumphira," anatero mwana wanga. "Koma pakakhala munthu kutsogolo kwake amangoima ngati wagunda khoma. Masewera apitawa analuza chifukwa cha zimenezo, anzake akudandaula. Atam'funsa anati kafunseni agogo anga."

Mnyamatayo anali pakona, mutu pansi.

"Akutinso Loweruka likubweralo ndi masewera omaliza. Ngati sakwera, sangamuike, anzake sangalole. Ndipo iwowa akubwerera kwawo, ntchito ya ku Santry yaima, mafulati angotsala opanda mawindo. Kochi wobwerayo samudziwa. Akakhala panja Loweruka, ndiye kuti wakhaliratu."

Pamenepo ndinamva. Mwana uyu ndinam'phunzitsa ine, khutu lili m'dzanja langa, kuti munthu sadumphidwa. Ukadumpha mwana wagona pamphasa, sakula. Ukaika phazi pa wamkulu, wam'vula ulemu pagulu. Ndinauza bambowo zimenezi mosabisa, ndipo sindinachite nazo manyazi.

"Amayi, izo n'zakale," anatero mwana wanga asanamasulire n'komwe. "Ine ndine namwino. Palibe mwana anapinimbira chifukwa chodumphidwa."

"Iwe unakula chifukwa sunadumphidwe. Ndiye ukudziwa bwanji? Masulira, usawonjezere zako."

Anamasulira akunyinyirika. Bambowo sanaseke. Anamvetsera mpaka kumapeto, zala zokhota zija zili pamaondo.

"Afunse," ndinatero, "uyo am'ponda m'kanemayo, anakula?"

Apo ndiye bambowo anaphulika ndi kuseka, tiyi kutayikira pathalauza. Akuti anakula mpaka m'mbali, pano ndi wonenepa kuposa firiji yanuyo, ndipo ndi amene anawaperekeza paukwati wawo.

Sindinavomere tsiku limenelo. Ndinati nkhani ya mwana siidulidwa ndi kanema, ndikaone ndi maso.

Ankaphunzirira pabwalo lina ku Lucan, kufupi ndi mtsinje. Ndinavala zitenje ziwiri, masokosi a mkamwini, jekete la mkamwini, mphepo n'kumandipezabe. Bwalo lalikulu lozungulira ngati dzira, mizati inayi uku, inayi uko, iwiri yaitali pakati, yaifupi m'mbali. Anyamata akumenya mpira ndi mwendo, akuukhoma ndi nkhonya, akugwetsana, akudzuka, akutukwanizana mwachikondi. Pakati pawo bambo aja akutsimphina, wezulo pakamwa. Mawu awo ankafika kutsidya kwa mtsinje. Koma akafika pa mnyamata amene walakwitsa ankatsitsa mawu, n'kum'gwira dzanja, n'kum'konza zala pa mpira chimodzichimodzi ngati mayi akuphunzitsa mwana kuluka.

Atationa anaimitsa onse. Anapita pakati, anawerama, manja pamaondo, msana n'kuupereka. Wina anaponya mpira m'mwamba. Bambowo anaitana mdzukulu wanga.

Mwana anathamanga ngati mphepo. Atafika pamsana paja, njii. Manja kumbuyo. Mpira unagwa, n'kudumphadumpha mwachipongwe chake chija. Anabwereza, chimodzimodzi. Anzake ena anayang'ana kumwamba, wina analavula.

Bambowo anabwera kumene tinaima, anatembenuka, n'kukweza malaya, mphepo yonse ija. Abale inu! Msana wonse zipsera. Timizere, timaenje, zina zoyera zakalekale, ngati munda wolimidwa ndi khasu laling'ono. Misomali ya nsapato za anzawo.

"Akuti aliyense wolowa m'bwalo ili wapereka kale msana wake," anatero mwana wanga, mawu ake atatsika. "Iwo anakwera anthu, anthu anawakwera. Akuti zipserazi amazinyadira kuposa zikho."

Ndinayang'anitsitsa msanawo. Ndinakumbukira amuna anga, Mulungu awasunge, tsiku lokweza denga la nkhokwe. Ankaponda pamapewa a achimwene awo aakulu, achimwene akuti kwera msanga iwe ndatopa. Panalibe mwano pamenepo. Wogona pamphasa sadumphidwa chifukwa sakudziwa. Koma munthu wawerama yekha, wakuitana yekha?

"Iwe, tabwera," ndinaitana mdzukulu wanga.

Anabwera n'kunjuta patsogolo panga, m'matope momwemo.

"Bambowa msana akupatsa okha. Kukana chimene wamkulu wakupatsa ndi mwanonso. Kwera."

"Zoona, agogo?"

"Ndinakunamizapo liti? Koma tamvera. Ukatsika, amene wam'kwerayo um'dzutse ndi manja awiri, uwombe m'manja, upepese. Usachoke ngati watsika pabulu."

"Chabwino, agogo."

Anabwerera. Bambo anawerama, mpira m'mwamba. Anathamanga, bondo paphewa, hii! Ndinangoona nsapato zili pamene panali mutu wa munthu. Bambo aja anagwa chafufumimba m'matope, anadzuka nkhope yonse bii, akukuwa, akuvina ndi mwendo umodzi. Ine nthungululu, lululu, mbalame za mumtsinje n'kuuluka!

Loweruka linafika ndi mvula yake yowaza. Mdzukulu wanga anamuika kutsogolo, kufupi ndi mizati. Womulonda anali chimunthu chatsitsi lofiira, khosi ngati la ng'ombe yapangolo, bambo wa ana ndithu. Ine ndinaima pamzere ndi mwana wanga, khanda lili kumsana kwanga m'kati mwa jekete. Pambali pathu azimayi achiairishi ndi maambulera awo.

Sipanapite nthawi, mpira unabwera m'mwamba. Mwana anathamanga. Bondo paphewa la watsitsi lofiira, anakwera, anakwerabe, gwi! Wezulo inalira. Azimayi aja anakuwa, maambulera m'mwamba. Ee, anauluka, mwana wa ku Ntcheu anauluka!

Atatsika anachita zimene ndinamuuza. Anaika mpira pansi bwinobwino, anachoka pamalo pake, anapita kwa watsitsi lofiira amene anali chigonere, anam'dzutsa ndi manja awiri, ananjuta pang'ono, phu phu phu m'manja. Munthuyo anangoti kakasi. Woimbira mpira anadikira, anaitana, anaona mwana sakubwera, anatambasula manja kuti masewera apitirire. Wa timu ina anautola mpira uja ngati watola ndalama panjira. Uyu kwa uyu, uyu kwa uyu, mpaka pakati pa mizati yathu.

Anzake anagwira mitu. Wina anam'kalipira pamaso penipeni. Pabenchi mnyamata wina anayamba kuvula jekete, akudziwongola, maso ali pa akochi. Mdzukulu wanga anaima yekha pakati pa bwalo, mapewa atagwa, nkhope ija ya kuchipinda itabwerera.

Bambo aja sanayang'ane kubenchi. Anazungulira mzere wonse akukoka mwendo, mpaka pamene ndinali. Anavula chipewa, mvula ikugwa padazi.

"Akuti mwaulemu wonse, amayi," anatero mwana wanga akudziletsa kuseka, "kugwira kumeneko sanakuonepo kuno ku Ireland. Koma kupepesako kungadikire pang'ono? Amenye kaye. Akabwereza, sangachitire mwina, amutulutsa. Akuti iwo am'kuwira koma sakuwamvera, akumvera inu."

Ndinapereka khanda kwa mayi ake. Ndinamanga chitenje. Mawu olankhula sakanafika, bwalo lija n'lalikulu, ndiye ndinaimba mmene timaitanirana kumunda kutsidya kwa dambo.

"Menya kaye mwana wanga, menya kaye!
Pepani sawola, pepani sathawa,
Menya kaye, upepese pambuyo!"

Ndikuwomba m'manja, ndikuponda pansi. Azimayi achiairishi sanamve liwu n'limodzi lomwe, koma anapinda maambulera n'kuyamba kuwomba nane. Mwana anatembenuka. Anandiona agogo ake ndikuvina m'jekete la bambo ake, anaphimba nkhope ndi dzanja, mapewa akugwedezeka. Kenako anakweza chala chachikulu.

Mpira unachedwa kubwerera kwa iye. Anagwetsana, anakokana, matope anawaphimba mpaka osadziwa uyu ndi wa timu iti. Ndiye chakumapeto unabwera, wautali, ukuzungulira mumvula. Pansi pake anthu mulu, watsitsi lofiira ali pakati. Ndinaona mwana akubwerera m'mbuyo pang'ono ngati nkhosa yofuna kugunda. Anathamanga. Abale inu, ulendo uno sanakwere munthu mmodzi, anakwera mulu wonse! Anaima pamwamba pawo, thupi lonse lili mumlengalenga, kumbuyo kwake mitambo yokhayokha. Nthawi inaima. Mvula inaima. Ine ndinaiwala kupuma. Gwi!

Wezulo. Anadzuka mpira uli pachifuwa. Anayang'ana watsitsi lofiira ali pansi, phazi linafuna kupita, ndinaliona likufuna. Analibweza. Anabwerera m'mbuyo, anapukuta mpira pamalaya, anayenda, anathamanga pang'ono, phaa! Papaya uja, wopanda khalidwe uja, tsiku limenelo anamvera. Anadutsa pakati penipeni pa mizati yaitali. Bambo wovala zoyera kuseri kwa mizati analoza ndi zala ziwiri, n'kukupiza timbendera tiwiri, kusonyeza kuti mwana wagoletsa.

Anzake anathamangira kuti am'kumbatire, iye anawazemba. Analunjika kwa watsitsi lofiira, ananjuta, phu phu phu. Chimunthu chija chinayang'ana uku ndi uku, kenako nachonso chinapinda maondo, phu phu phu, chikuseka mpaka kutsokomola.

Wezulo yomaliza italira ndinalowa m'bwalo, nthungululu zili pakamwa, chitenje ndikukupiza. Mwana wanga akundithamangira.

"Amayi! Amayi, bwererani! Aluza!"

"Aluza ndani?"

"Athuwa! Pang'ono pokha, koma aluza!"

"Ndiye?"

Kuwerenga kwa mpira umenewu sindinakumvetse mpaka lero. Ndinapitiriza. Ndipo anyamata aja, ngakhale analuza, anazungulira mdzukulu wanga, akum'sisita mutu ndi matope, akum'funsa kuti mawu aja amati chiyani. Amene anam'kalipira uja ndiye anayamba kunjuta pamaso pake, akuwomba m'manja, akuyesa kunena pepani lilime likukana. Onse anagwa ndi phwete.

Bambo a zala zokhota anaima pambali, madzi akutsika pankhope, ndipo sanali a mvula okha. Anaitana mwamuna wina wamfupi amene amadzatenga wezulo iwo akachoka. Anagwira mdzukulu wanga pakhosi ndi dzanja lija, analankhula, kenako analoza ine.

"Akuti chiyani?"

"Akuti uyu malo ake ndi kutsogolo, asadzamusunthe. Akutinso agogowo malo awo ndi pamzere, asadzawathamangitse ngakhale alowe m'bwalo."

Ndinawagwira dzanja bambowo ndi manja anga awiri. Zala zija zinali zolimba ngati mipini ya makasu, zozizira. Ndinawauza Chichewa chokhachokha, mwana wanga sanamasulire, iwonso sanafunse.

Bambowo anakwera ndege chisanu chisanabwerere. Mpira utayambanso, mdzukulu wanga anali kutsogolo kufupi ndi mizati, ine pamzere ndi zitenje zanga ziwiri, Loweruka lililonse, mpaka mapepala anga okhalira m'dzikomo anatha.